Bambo Anga ndi Ng'ombe ya Chitseko Pamimba

Bambo anga anagwira ntchito kophera ng'ombe zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mbali yawo inali yotumbula. Ng'ombe ikaphedwa n'kusendedwa ankaikoleka miyendo m'mwamba, ndiye iwo ankabwera ndi kampeni kawo kakafupi n'kutsitsira zam'mimba zonse m'beseni lachitsulo. Ndili mwana sindinkafuna kuti anzanga azidziwe zimenezi. Ovolosi yawo mayi ankaichapa payokha kuseri kwa nyumba, koma fungo lake linkatipeza ndithu pabalaza.

Ine ndinaphunzira za ziweto, ndipo ndinapeza ntchito pafamu yochitira kafukufuku. Bambo sanabwereko ngakhale tsiku limodzi. Ndikati ndiwafotokozere zomwe ndimachita, ankandidula.

"Ng'ombe ndi ng'ombe, mwana wanga. Undiuza chiyani chimene manja awa sanachigwire?"

Chaka chomwe anawachita opaleshoni ya ng'ala, anabwera kudzachirira kwathu. Mayi anali atatisiya kale. Adokotala analamula kuti tiziwadontheza mankhwala m'maso kanayi pa tsiku, koma ukawasiya okha ankaiwala dala, ati amaluma. Bambo a ana anga amachoka m'mamawa, ananso kusukulu. Patatha milungu iwiri ndinaona kuti palibe kuchitira mwina, ndinayamba kupita nawo kuntchito.

Nthawi imeneyo ntchito inali itandithina. Ng'ombe ikamadya ndi kubzikula imageya mpweya wotchedwa mitheni. Sununkha, suoneka, koma ukakwera kumwamba umasunga kutentha ngati bulangete. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa za padziko lonse zikageya, mpweyawo umakhala wochuluka ndithu. Ife tinkafufuza masamba oti tikawasakaniza m'chakudya cha ziweto mpweyawo uchepe. Ndinali kuyesa ufa wa masamba a mthethe. M'mabotolo athu oyesera zinayenda bwino kwambiri, mpweya unatsika ndi theka. Koma titayamba kupatsa ng'ombe zisanu ndi zitatu za mkaka, mpweya unatsikadi, mkakanso n'kutsika nawo. Ng'ombe zinkasiya chakudya m'modyera, nthiti zinayamba kuwerengeka. Akuluakulu anali atanena kuti mwezi ukatha zinthu zili choncho, tisiye.

Zonsezi ndinawafotokozera bambo m'galimoto tsiku loyambalo. Anaseka mpaka kugwira diso lochitidwa opaleshoni lija.

"Ndiye kuti dzuwa likutiwotchali ndi kugeya kwa ng'ombe? Ukawayezenso amalume ako akakhuta. Mwina vuto lonse ndi iwowo."

Kukhola tinapeza Amake Mapasa akutsuka zitini za mkaka. Mayi amenewa ndi amene ankakama ndi kudyetsa ng'ombe zathu, ndipo pafamupo anayamba ine ndisanamalize sukulu. Anapukuta manja, anawapatsa bambo moni atagwada pang'ono, kenaka anati, "Agogo, poti mwabwera, bwerani muone Nachitseko."

Nachitseko inali ng'ombe yaikazi yakuda, yamawanga oyera pamphumi. Zaka zingapo m'mbuyomo madokotala a ziweto anaiboola mbali yakumanzere, kuseri kwa nthiti, n'kuikapo mphira wozungulira wokhala ndi chotsekera, kukula kwake ngati mbale. Bala linapola kalekale. Inkadya, inkabereka, inkakamidwa monga zinzake. Ife tikafuna kuona zochitika m'chifu, tinkangotsegula.

Bambo anaima patali. Anaiyang'ana ndi diso labwinolo, kenaka anavula chipewa.

"Iyi ili moyo?"

"Mukuiona ikutafuna, bambo."

"Ndipo sikumva kuwawa?"

"Ikamva kuwawa ndikanadziwa ndine," anatero Amake Mapasa. "Iyi imakwiya ukachedwa ndi madeya basi."

Ndinavala golovesi lalitali lofika paphewa, ndinazula chotsekeracho. Kunatuluka nthunzi ndi fungo lija ndinkalithawa ndili mwana. Ndinatapa madzi a m'chifu kuthira m'fulasiki. Nditatembenuka ndinapeza bambo akupinda mkono wa malaya.

"Ndipatse chovala chakocho."

"Bambo, diso lanu."

"Ndilowetsa diso kapena mkono?"

Tinawaveka golovesi. Analowetsa dzanja pang'onopang'ono, kufika pachigongono, kufika paphewa, tsaya lawo litatsamira pamsana pa ng'ombe. Nachitseko sinatembenuke n'komwe. Poyamba bambo anangoti, "Mukutentha m'katimu." Kenaka anafuula.

"Mayo! Yandigwira!"

Anafuna kusolola mkono, koma anaima. Chifu cha ng'ombe yamoyo sichikhala chete. Mphindi iliyonse chimafinya, kutembenuza udzu wonse uli m'katimo, n'kumasula. Ine ndinazolowera moti sindinkaziganizanso. Bambo anakhala chomwecho, pakamwa pali yasa, kudikira kuti chibwerenso. Chinabwera. Ndinaona phewa lawo likukokedwa pang'ono.

"Chikuyenda," ananong'ona. "Chikukanda chokha ngati munthu akukanda dothi. Iwe, chikuyenda!"

Anakhalamo nthawi yaitali mpaka Amake Mapasa anati ng'ombe izizidwa. Atatulutsa mkono sanavule golovesi msanga. Anangoyang'ana dzanja lawo.

"Zifu zomwe ndinagwira ine sungaziwerenge," anatero. "Koma zonse zinali zitagona. Sindinkadziwa kuti chimagwira ntchito chonchi."

Kuchoka apo tinapita kuchipinda choyezera, ine ndikuthamanga ndi fulasiki kuti madzi aja asazizire. Chipindacho ndi chaching'ono: tebulo lalitali lamatailosi oyera, sinki, mabotolo ofoleredwa m'beseni la madzi ofunda, ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono pafupi ndi zenera. Ndinawakhazika bambo pampando, ndinawadontheza mankhwala awo, ine n'kuyamba ntchito. Ndinadontheza dontho limodzi la madzi a m'chifu pakagalasi. Nditasuzumira ndinaganiza kuti nawonso aone.

"Tsinzinani diso linalo. Musagunde ndi lochiritsidwalo, ingoyandikirani."

Anawerama. Anasuzumira. Kenaka anadzuka, anayang'ana pansi pa makinawo, pakagalasi paja, pomwe panali kadontho kobiriwira kosaposa njere ya mapira. Anasuzumiranso.

"Ndani awa?"

M'kadonthomo munali piringupiringu. Tina tozungulira ngati mazira, taubweya m'mbali, tinkathamanga n'kumagundana. Tina tinkazungulira pamodzimodzi. China chachikulu chinadutsa pakati chitameza kachidutswa ka udzu kooneka m'mimba mwake.

"Amenewo ndi eni ake a chifu," ndinatero. "Mukuwaonawo ndi akuluakulu. Alipo ena ang'ono kwambiri, oti pano angooneka ngati fumbi. Ena mwa ang'onowo ndi amene amapanga mpweya ndimanena uja."

"Alowamo bwanji?"

"Mwana wa ng'ombe amawatenga kwa make, ikamamunyambita. Popanda iwowa ng'ombe singagaye udzu. Amagaya ndi iwo, ng'ombe n'kumapeza mphamvu pa zomwe atulutsa. Pamapeto pake imawagayanso iwo omwe."

"Ndiye kuti woweta ng'ombe amaweta awa?"

"Tingatero."

"Ndipo m'kadontho aka alimo angati?"

"Akuluakuluwo, zikwizikwi. Ang'onowo, m'supuni imodzi amaposa anthu onse a padziko lapansi."

Bambo anapukusa mutu, diso lili pomwepo. "Ha! Mulungu ameneyu." Kenaka anati, "Ine ndinkawakankhira m'ngalande ndi paipi ya madzi. M'mawa uliwonse. Ndinkati ndi ndowe chabe."

Patapita mphindi zingapo anandikodola. "Bwera uone. Ayamba ulesi. Uyu waima."

"Galasi lazizira, bambo. Kunja kuno sakhalitsa. Mphepo yomwe timapuma ifeyi imawapha."

Anayang'ana fulasiki yomwe inali pasinki. "Otsalawo utani nawo?"

"Ndikatenga ondikwanira, enawo ndimataya."

"Ayi. Kawabwezere kwawo."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo sinali yoseka. Ananyamula okha fulasikiyo ataikumbatira pachifuwa, tinabwerera kukhola, Amake Mapasa anatsegula, iwo n'kukhuthulira m'katimo mpaka dontho lomaliza.

Za mpweya zokha anali asanakhulupirire. M'mawa mwake ndinakoka mpweya wa m'mabotolo oyesera ndi jakisoni wamkulu, ndinaudutsitsa m'mankhwala ochotsa mpweya wina wosayaka, ndinatseka makatani. Ndinayatsa machesi pakamwa pa kapaipi n'kukankha pang'onopang'ono. Panatuluka kalawi kabuluu, kakang'ono ngati chikhadabo, kosachita utsi. Bambo anayandikiza chala, anachibweza msanga.

"Moto wochokera m'udzu wonyowa," anatero. "Ng'ombe imayenda ndi moto m'mimba, ife n'kumaikwapula ndi ndodo."

Kuyambira tsiku limenelo sindinkawadzutsanso. Ndikamatuluka kubafa ndinkawapeza atakhala kale pakhonde, chipewa kumutu. Kufamu ankakhala kukhola ndi Amake Mapasa, kuonerera ng'ombe zikulowetsa mitu m'bokosi loyezera mpweya. Bokosilo limagwetsa tizakudya pang'onopang'ono, ng'ombe ikamadya limakoka mpweya wa m'kamwa mwake, manambala n'kumabwera pakompyuta yanga. Bambo ankalitcha chinyengo. Ati ng'ombe ikuganiza kuti yapeza mwayi, pamene akuifufuza.

Tsiku lachisanu ndikutapa za m'chifu cha Nachitseko, yomwenso inkadya nawo ufa uja, bambo anati, "Ndipatse kuno." Analandira ndi dzanja lopanda golovesi. Anafinya, ananunkhiza, anafwafwaza ndi chala chachikulu. Kenaka anapita kuseri kwa ng'ombe zina zija n'kumaponda ndowe ndi nsonga ya nsapato.

"Mukuzimanga m'mimba ng'ombezi," anatero.

"Bwanji, bambo?"

"Taona udzuwu. Wadyedwa dzulo koma uli ngati waumweta lero. Wouma, wakuda, fungo lakenso si limene lija. Izi ndinaziona. Chaka cha chilala ankatibweretsera ng'ombe pamalole kuchokera kumadera aminga, kumene udzu unatheratu, zikungodya masamba a mitengo. Ukatumbula, chifu chili gwa, zam'kati zili ngati izi, nyama yake yopanda mafuta. Koma ng'ombe za komweko zikabwera udzu ukadalipo, zoti masambawo zimangobudulako podutsa, zinali zonona kuposa zina zonse. Ufa wakowo ukuthira wochuluka bwanji?"

Ndinawauza. Ndinawonjeza kuti muyezowo sindinaulote, unachokera m'mabotolo, ndipo ndinaubwereza katatu. Mawu anga anatuluka okwera kuposa momwe ndinkafunira.

"Botolo lili ndi lilime?" anafunsa. "Unaulawa?"

"Chiyani?"

"Ufawo."

Zaka ziwiri ndinali ndikuuyanika, kuupera, kuuyeza pasikelo, koma ndinali ndisanauikepo pakamwa. Bambo anatapa m'thumba, ananyambita, n'kunditambasulira chikhatho. Ndinanyambita nanenso. M'kamwa monse munauma ngati ndaluma nthochi yaiwisi. Lilime linamatirira kumwamba, malovu anathawa.

Amake Mapasa anayang'ana kumbali, akudziletsa kuseka.

"Nenani, mayi," anatero bambo. "Mukudziwapo kanthu inu."

"Ine ndinanenapo, agogo. Ndinati ng'ombezi zikumafwenthera ufawu kumbali n'kumasankha madeya, zina zikutsokomola nawo. Koma achemwali angawa anali ndi mapepala m'manja, ndiye ndinati mwina mapepalawo akudziwa."

Zinali zoona. Anandiuza mlungu woyamba weniweni, ine ndikuwerenga manambala, ndipo ndinangoti tiona. Ndinachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu. Ndinapepesa. Iwo anati, "Palibe kanthu, tiyeni tikonze."

Tinakhala pamabelo a udzu anthu atatu n'kugwirizana. Ufa tiuchepetse, pa magawo atatu titsale ndi limodzi. Amake Mapasa anati tiziunyowetsa n'kuufwafwaza m'madeya kuti ng'ombe zilephere kusankha, ndipo tiziugawa kawiri, m'mawa ndi masana. Bambo anati tiyambe ndi kachitsine chabe, tizionjezera masiku akamapita. "Anthu ako a m'chifu aja ndi alendo pa chakudyachi," anatero. "Mlendo sumupatsa tsabola wodzaza dzanja tsiku lofika."

Ndinapita kwa akuluakulu kukapempha milungu ina isanu. Anandifunsa kuti maganizo atsopanowa achokera m'buku liti. Ndinati achokera kwa anthu awiri odziwa ng'ombe kuposa ine. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma analola.

Mlungu woyamba tinazipumitsa ng'ombe, osazipatsa ufa. Wachiwiri tinayamba pang'ono. Modyera munayamba kutsala mbee. Pofika mlungu wachinayi zitini za Amake Mapasa zinali zitabwerera pamzere wake wakale, ndipo Nachitseko inayambanso kukankha zinzake pomwera madzi. Bambo ankafinya za m'chifu m'mawa uliwonse ngati munthu wogula fodya, n'kumati, "Eya, zayamba kufewa."

Tsiku lomaliza ndinasonkhanitsa manambala onse. Ndinawerengera kawiri. Mpweya unali utatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. Mtima wanga unagwa. Ine ndinkalota theka lija la m'mabotolo. Ndinatuluka n'kukawapeza bambo atatsamira mpanda wa khola.

"Watuluka bwanji mlandu?" anafunsa.

"Pang'ono chabe, bambo. Gawo limodzi mwa asanu ndi awiri."

"Mkaka?"

"Uli bwinobwino."

Anawerenga ng'ombe ndi chala. "Ndiye kuti pa ng'ombe zisanu ndi ziwiri zilizonse, imodzi ili ngati yasiyiratu kutulutsa moto uja, koma ikudya, ikukamidwa?"

"Mukhoza kutero."

"Chifukwa cha tsamba?"

"Chifukwa cha tsamba."

"Ndiye nkhope wakwinyiranji? Iwe, tsamba lalowa m'mimba mwa ng'ombe, lakalankhula ndi tinthu tosaoneka ndi maso, tinthuto tamvera, ndipo kumwamba uko kwapepukidwa. Ukuti pang'ono?" Anaseka chapansipansi. "Ng'ombe zilipo zingati padziko? Chotsa imodzi pa zisanu ndi ziwiri zilizonse, uone khola lake kukula."

Ndinawauza kuti si zophweka choncho. Ng'ombe zisanu ndi zitatu ndi zochepa, milungu isanu ndi yochepa, ndipo tinthu ta m'chifu nthawi zina timazolowera mankhwala n'kuyambiranso. Anagwedeza mutu, koma maso awo anali kwina. Anati ndiwaonetse mtengo wake.

Mitengoyo inali kumapeto kwa famu, m'mbali mwa msewu wafumbi. Anayenda mouzungulira umodzi, anathyola kanthambi mosamala, n'kuyang'anitsitsa timasamba take tating'onoting'ono tondandalikana.

"Uwu unkatibaya tili ana, tikuyenda opanda nsapato," anatero. "Tinkautukwana. Unangokhala chete ndi nzeru zake zonsezi."

Kanthambiko anakaika m'thumba la malaya.

Diso litachira anabwerera kwawo. Ife tinabwereza kafukufukuyo chaka chotsatira ndi ng'ombe makumi atatu, kwa miyezi inayi. Zotsatira sizinasiyane kwenikweni, ngakhale kuti miyezi ina mpweya unkatsika pang'ono kuposa ina. Polemba lipoti ndinaika mayina a bambo ndi Amake Mapasa pa anthu othokozedwa. Nditawaimbira foni kuti ndiwawerengere, sanamvetsere mpaka kumapeto.

"Zimenezo ndamva," anatero. "Koma ine ndili ndi mlandu kuno. Anzanga aja ndinkagwira nawo ntchito ndinawafotokozera zonse. Akuti adokotala pochotsa ng'ala anakhudzako ubongo. Loweruka muliko?"

Loweruka m'mawa bambo anatsika minibasi pachipata cha famu ndi madoda anayi, onse atavala majekete ngati akupita kuukwati. Mmodzi analibe zala ziwiri. Wina, wamtali ndi wonenepa, bambo anandiuza kuti masiku ake ankagwetsa nkhunzi yekha, ndipo mpaka pano amamutcha Chigwetsa. Ameneyu ndiye ankatsutsa kwambiri. Kuyambira pachipata ankangoti, "Tione, tione bodzalo."

Bambo anatsogolera ngati famuyo ndi yawo. Ine ntchito yanga inali kugawa magolovesi ndi kudontheza pagalasi. Atafika pamakina oonera aja, a Chigwetsa anawerama akusekabe. Kuseka kunatha. Anakhala chiweramire mpaka anzawo anayamba kuwakoka jekete kuti nawo aone. Atadzuka anafufuza mpando ndi dzanja, anakhala, n'kupempha madzi akumwa.

"Mwana wanga," anandiitana atamwa, "mpongozi wanga ali ndi ng'ombe zitatu. Tsamba lakolo angalipeze kuti?"

Ndinawauza kuti adikire kaye timalize kuyesa, chifukwa ukachulutsa limapweteka ng'ombe. Amake Mapasa anati zimenezo awafotokozera okha bwinobwino. Anawatenga onse anayi kupita nawo kosungira chakudya, ndipo ndili m'chipinda choyezera ndikutsuka magalasi ndinkawamva akukangana za kukula kwa chitsine, aliyense akuti chala chake ndiye muyezo wabwino.